Tsiku Limene Achimwene Anawakweza Phiri Abambo

Abambo anagwira ntchito pansi pa mgodi ku Chakari mpaka imvi, ndipo mgodiwo unawabweza athunthu, miyendo iwiri ndi manja awiri. Amene anawapundula ndi mwana wawo woyamba, achimwene anga, tsiku limodzi lokha. Ndikunena poyera chifukwa achibale tikakumana pamaliro amati chinali chifuniro cha Mulungu, ine n'kumangokukuta mano.

Amayi atatisiya, abambo anabwera kudzakhala ndi ine ku Chegutu. Anali ndi bipi. M'mawa uliwonse ndisanapite kumsika kukagulitsa tomato ndinkawapatsa piritsi limodzi ndi tiyi, n'kuima pomwepo mpaka ameze, chifukwa ankatha kulibisa m'tsaya ngati mwana. Achimwene ankakhala ku Kadoma. Anachita mwayi wa golide ku Gadzema, anagula kombi yonyamula anthu, kenako analowa mpingo wina wopemphera m'mapiri. Kuyambira pamenepo tonsefe tinasanduka osochera, njira ankaidziwa iwo okha.

Lachinayi lina anatulukira ndi nkhani yoti mpingo ukupita ku Nyangani, phiri lalitali lija la kum'mawa, ndipo abambo apite nawo akawapempherere kuti bipi ithe.

"Achimwene, anesi anati asamadzitopetse," ndinatero ine. "Phiri limenelo si la munthu wa msinkhu wawo."

"Iwe sisi, unoziva chii?" anandiyankha, kutanthauza kuti ine ndikudziwa chiyani, chifukwa akafuna kundinyoza amathamangira Chishona. "Mudhara uyu ankatsika mgodi daily. Munthu wolowa pansi pa dziko angaope kachulu?"

Abambo anamwetulira, chifuwa n'kutukumuka. Panali patapita nthawi osatamandidwa ndi mwana wawo wamwamuna. Ine ndinkadziwa kuti kumgodi ankatsika pa chikepe, komanso anali anyamata nthawi imeneyo, koma sindinafune kuwachititsa manyazi. Ndinawalola kupita, ndipo zimenezo zimandidyabe. Ndinangowaikira mapiritsi m'thumba la jekete ndi botolo la madzi m'chikwama.

Zimene zinachitika kumeneko anandiuza ndi mayi wina wa mpingowo, amene anandipeza kumsika patapita milungu iwiri mtima utamukana kubisa. Atafika patsinde, mtsogoleri wawo analamula kuti onse asale kudya ndi kumwa mpaka atsike. Anawonjezera kuti phirilo silifuna odandaula, wodandaula amasowa m'nkhungu. Achimwene anapisa m'thumba la abambo, natenga mapiritsi ndi botolo lija, amvekere mankhwala ndi pemphero sizikwera limodzi.

Abambo anali munthu wosunga malamulo. Kumgodi anauzidwa kuti pansi saimba mluzu, ndipo sanaimbepo ngakhale kamodzi. Ndiye apa atauzidwa kuti asadandaule, sanadandaule. Chapakati pa phiri anakhala pamwala atagwira mutu ndi manja awiri. Mayi uja atawafunsa chimene chavuta, anangoika chala pamlomo, nadzuka. Achimwene anali kutsogolo, akutsogolera nyimbo.

Atayandikira pamwamba, mphepo yozizira ikuwomba, ndodo yoyendera inawapulumuka abambo m'dzanja lamanja. Anawerama kuti atole, dzanjalo silinamve. Pakamwa panapotoka, anagwa chammbali. Anthu aja m'malo mowatsitsa anawazungulira, nawasanjika manja. Anaimba mpaka dzuwa kupendeka, ndipo pamenepo mpamene anawakulunga m'bulangete n'kuyamba kutsika nawo.

Uthenga utandipeza, kuchipatala ndinafika mawa lake. Namwino anandifotokozera mosanyengerera kuti ndi sitiroko. Anati pamwamba pa phiri mpweya umachepa, mtima umagwira ntchito mopitirira, ndipo munthu akakhala wopanda madzi m'thupi magazi amalimba. Kuwonjezera apo nkhalamba ya bipi, yosamwa mankhwala, yokwera chitunda pamphepo. "Mukanafika nawo msanga, mwina dzanja likanapulumuka," anatero, akundiyang'ana ine ngati ndine ndinawakweza. Achimwene anali panja, pafoni.

Lero mbali yonse yakumanja ndi yakufa. Mawu anapita, atsala ndi kubuula basi. Sadza, nsima yathu yakuno, sathanso kumeza bwino, ndimawamwetsa phala ndi supuni. Ndimawasambitsa, ndimawavula, ndimawapititsa kuchimbudzi, ntchito imene kwathu mwana wamkazi sagwira kwa bambo ake. Masiku oyamba ankatseka maso chifukwa cha manyazi, inenso ndinkayang'ana kukhoma. Achimwene amatumiza shuga ndi mafuta ophikira kudzera kwa dalaivala wawo, ndipo achibale amawayamika kuti ndi mwana wosamala. Achimwenewo ndimawada, sindibisa.

Mwezi watha anabwera okha, atavala mkanjo woyera wosita bwino. Sanakhale pansi. Anaima pakhomo n'kunena kuti mtsogoleri waona masomphenya, pemphero linadukira panjira, ndiye abambo ayenera kubwerera kuphiri akamalize.

"Usadandaule za kuyenda, sisi. Tinovatakura. Tiwanyamula pamachira mpaka pamwamba."

Ndisanayankhe, m'chipinda munamveka supuni ikugogoda chitini. Ndicho chizindikiro chimene tinapangana ndi abambo akafuna kukadzithandiza.

"Mwamva, achimwene?" ndinatero. "Akufuna kuchimbudzi. Poti mphamvu zowanyamula muli nazo, yambirani pompano. Si patali, n'kuseri kwa nyumbaku."

Anasuzumira m'chipinda. Anayang'ana abambo, anayang'ana ndowa imene ndimaika pansi pa bedi, kenako anayang'ana mkanjo wawo. Anati kombi aimika pamalo oipa, akaisunthe kaye.

Ndinalowa, ndinakoleka dzanja lamoyo la abambo pakhosi panga, tinayamba ulendo wathu wa tsiku ndi tsiku, phazi limodzi likukwekwereza pansi. Tili pakati pa bwalo tinamva injini ikulira, kenako ikuchepa kulowera kumsewu wa ku Kadoma. Abambo anaima, natembenuza mutu kutsata phokosolo mpaka linatha. Misozi yawo inandinyowetsa paphewa. Ndinawauza kuti tiyeni, tatsala pang'ono kufika.