Mota ya Achimwene Inatsala M'dambo

Ndinadzuka tambala asanalire, ngati kumeneko kungatchedwe kudzuka, pakuti ndinangotsinzina nditakhala tsonga, mutu utatsamira khoma. M'nyumba munkanunkha utsi ndi nsalu zonyowa. Amayi a mpingo anali ataimba mpaka mawu kusasa, ndipo tsopano ankangong'ung'udza nyimbo imodzimodziyo. Achimwene anagona pakati pathu pa mphasa, atafunditsidwa gombeza limene anabwera nalo kuchokera ku Alemanya. Alamu, akazi awo, anakhala kumutu, maso ali gwa.

Nditatuluka ndinapeza amuna atakoleza moto kuseri kwa nyumba. Kwathu amuna amachezera maliro pafupi ndi khomo, koma awa anasankha pafupi ndi chisakasa, chifukwa m'chisakasamo munali mota, njinga yamoto ya malemu. Ndinawamva akukangana chapansipansi ngati injini yake ingathe kuyendetsa chigayo. Dzina la mwini wake sindinalimve.

Za mota imeneyi ndiyenera kufotokoza. Achimwene anali mmodzi wa anyamata amene boma linawatumiza kukagwira ntchito ku Alemanya, ndipo anabwerera nkhondo isanathe. Kumeneko ankagwira ntchito m'nkhalango za kumapiri, kumene kumagwa neve, madzi oundana oyera ngati ufa, amene amaunjikana mpaka munthu kumira m'chiuno. Ankati azungu ali ndi mota yoyenda pamwamba pa neve imeneyo. Kutsogolo ilibe gudumu, ili ndi matabwa awiri opindikira m'mwamba, ndipo kumbuyo kuli lamba wozungulira. Ankati zolemera zimamira, koma yopepuka ya lamba wautali imadutsa ngakhale pamene neve yazama kwambiri. Atafika kuno anayang'ana dambo lathu la matope nati vuto ndi lomwelija, langosintha mtundu.

Anzawo anabwera ndi mawailesi ndi makina osokera. Koma achimwene anaphwasula mota yabwinobwino imene anabwera nayo, nachotsa chilichonse cholemera, naikira lamba wakale wa ku mgodi wa malasha amene anamukhomerera timatabwa topingasa. Aludeya yonse, mudzi wa boma umene anatisonkhanitsamo pafupi ndi asilikali ku Mualadzi, inawaseka chikhakhali. Ankawatcha wamisala wa ku Alemanya. Anaiyendetsa kangapo m'mphepete mwa dambo, okha, ndi thupi lawo lowonda lija, ndipo sinamire. Kenaka gazolina, mafuta ake oyendera, inatha, chifuwa chinawagwira, ndipo anthu anapitiriza kuseka monga kale.

Asanatsirizike anandipempha chinthu chimodzi, choti akagone pambali pa mayi athu. Manda a makolo ali kumudzi wakale, kutsidya kwa dambo. Msewu wozungulira unali ndi mabomba okwirira, ndipo dambolo, pakati pa dzinja chotero, linali phala lokhalokha. Amene ankamwalira m'aludeya ankaikidwa kuseri kwa msasa wa asilikali, m'manda osazama a alendo, kumene agalu ankachezera. Ndinawalonjeza kuti kumeneko sadzapita.

Kutayera, adzukulu, amene amakumba manda ndi kunyamula maliro, anaima pabwalo ndi makasu awo kudikira kuti auzidwe kokakumba. Wouza anali atsibweni, mlongo wa mayi athu, mwini mbumba. Anali atafika dzulo lake, nalira mokweza pakhomo mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera, kenaka napita molunjika kuchisakasa kukagogoda injini ndi chala ngati akusankha dzungu. M'mawa umenewo analamula kuti akumbe kuseri kwa msasa. Anati wakufa sadziwa pamene wagona. Ndinapempha mkulu wa adzukulu kuti ayambe wasuta fodya wake, ndipo iye anandiyang'ana nakhala pansi.

Anthu anayamba kufika dzuwa lisanatuluke bwino, ngakhale dzuwalo silinaoneke tsiku lonse. Kumwamba kunali kwa phulusa, ndipo kamvula kowaza kankabwera nkuleka. Anabwera a mbali zonse za aludeya, ena ochokera njira ya ku Nsadzo atasenza njinga pamapewa, ngakhale ena amene anathawira ku Zambia anadzera njira za m'tchire. Maliro a nthawi ya nkhondo sankasonkhanitsa anthu ochuluka chotero, pakuti imfa inali itatsika mtengo. Ndinaona mmene ankachitira. Munthu ankagwada pakhomo, kupepesa mawu awiri, kenaka khosi linkatembenukira lokha kuseri kwa nyumba. Misozi inali yochepa tsiku limenelo, maso ndiwo anachuluka.

Amayi anasonkhezera moto ndi nkhuni zonyowa pansi pa mtengo wa mango, naphika mgaiwa wachikasu wa chithandizo ndi nkhwani zopanda mchere. Utsi unkakwawa pansi osafuna kukwera. Mmisiri wina anakhoma bokosi ndi matabwa a chibokosi chimene achimwene anabweretsera katundu, ndipo m'mbali mwake munatsala zilembo za chilankhulo cha eni ake zimene palibe anatha kuwerenga.

Kenaka anafika sekeretaliyo wa aludeya, munthu yekhayo amene ananenepa m'zaka za njala zimenezo. Ndiye anali ndi gazolina, ndiye ankaloleza anthu kutuluka, ndiponso ndiye ankaseka achimwene mokweza kuposa onse. Nayenso anapepesa mwachidule nakaima pa chisakasa, manja kumbuyo. Ndinaona mmene ankayang'anira chiwongolero, ngati mwana pa nthochi yakupsa. Ndinapita nkugwada patsogolo pawo. Sindinatchule za mayi kapena za lonjezo, chifukwa zimenezo sizikanawakhudza. Ndinangowakumbutsa kuti m'aludeya monse iwo okha ndi amene anatsala odziwa kuyendetsa mota, ndi kuti khamu lonseli lidzaona amene adzawolotse maliro pa dambo. Anatsokomola, nati nkhaniyo ndi yovuta, kenaka anatuma munthu kukatenga chigubu cha gazolina ndi amilisiya awiri a mfuti.

Atsibweni anatupa nkhope, koma pamaso pa boma analibe pakamwa. Adzukulu ananyamuka kukakumba kumudzi wakale opanda katundu wina koma makasu, nawoloka dambo matope akuwafika m'ntchafu. Anthu ankakhulupirira kuti m'madzi simukwiriridwa bomba, ndipo tinadalira chikhulupiriro chimenecho popeza china panalibe.

Dzuwa litapendeka pang'ono adzukulu anabwerera, mkulu wawo nanena kuti manda atha. Padiri, wansembe, kunalibe, mishoni inali itatsekedwa, choncho katekisita ndiye anapempherera thupi. Tinatulutsa bokosi, alamu akulira motsitsa, ndipo tinatsetserekera kudambo. Amuna anakankha mota kutsogolo kwa maliro, ndipo ana ndi akulu omwe anaithamangira, kusiya bokosi m'mbuyo ndi ife achibale.

M'mphepete mwa dambo anamangirira bokosi kumbuyo, pamwamba pa lamba. Sekeretaliyo anakhala kutsogolo, mota nkutsika. Pamenepo atsibweni nawo anakwinya thalauzi nakwera pakati, akuti agwirizize maliro, koma tonse tinadziwa chimene ankalondera. Alamu anakweza mutu.

"Imanyamula munthu mmodzi," anatero. "Eni ake ankatero."

"Chitsulo sichitopa," anayankha atsibweni osawayang'ana.

Anthu a kwathu tikaona chinthu cha injini timaganiza thirakitala, ndipo thirakitala timaiyesa ndi kuchuluka kwa zimene yasenza. Zoti chinthu chingakhale champhamvu chifukwa chopepuka sizinalowe m'mutu wa aliyense wa awiriwo. Injini inalira, utsi wabuluu unatuluka, ndipo mota inaseseleka pa udzu wonyowa. Khamu linaiwala kuti lili pamaliro. Ena anaimba nthungululu, ena anawomba m'manja, anthu omwewo amene ankati wamisala. Ine ndinachita manyazi m'malo mwawo.

Inayenda bwino mpaka pamene udzu umathera ndi kuyamba matope akuda. Pamenepo mbuyo inayamba kutitimira. Sekeretaliyo anawonjezera moto, lamba anazungulira pamalo amodzi akudzikumbira dzenje, ndipo matope anawaza katekisita kuyambira kumutu mpaka ku buku. Mota inapendekeka. Ndinaona ngodya ya bokosi ikulowa m'madzi. Sekeretaliyo anagwa chagada m'thope, ndipo kuyambira pamenepo sitinawamvenso, paja fisi akagwa m'mbuna salankhula. Atsibweni analumpha, navula jekete, nafunditsa injini, akukuwa kuti madzi asalowemo. Mwana wa mlongo wawo anali kumira pafupi ndi chigongono chawo, iwo akufunditsa chitsulo.

Adzukulu ndiwo anathamangira bokosi, nadula zingwe, nalikweza pamapewa. Koma atangoyenda pang'ono, kulemera kunawakhomera pansi mpaka m'chiuno, osatha kutsogola kapena kubwerera. Atsibweni anati zaoneka zokha, tibwerere kuseri kwa msasa kusanade. Amilisiya anavomereza, maso ali kutchire la kutsidya. Khamu la owonerera linali litayamba kale kubwerera, popeza chimene anadzera chinali chitatha.

Alamu analowa m'matope osakwinya nsalu. Anafika pa mota, nagwira lamba, nauza mkulu wa adzukulu kuti amudule ndi kumuyala pansi. Anati chimene chinkayandamitsa mota si injini koma lambayo. Mkuluyo anasolola chikwanje. Atsibweni anatchinga ndi manja, nati mkazi wa malemu alibe mawu pa chuma chimenechi, ameneyu ndi katundu wa mbumba. Pamenepo ndinalowa nanenso m'madzi.

"Atsibweni, mbumbayo ndine," ndinatero. "Dulani."

Anagoneka mota chammbali, nadula lamba, namusolola m'matope. Atatambasulidwa anali wautali kuposa mmene ndinkaganizira. Anamudula pakati kukhala zidutswa ziwiri, nayala chimodzi pamwamba pa thope, naikapo bokosi. Silinamire. Analikoka mpaka kumapeto, nayala chachiwiri kutsogolo, nabweretsa cham'mbuyo, ndipo anachita chomwecho mobwerezabwereza. Inali ntchito ya pang'onopang'ono, yopanda nthungululu. Amayi a mpingo anayambanso nyimbo, madzi ali m'chiuno, mawu akunjenjemera ndi kuzizira. Amene tinafika kutsidya tinali ochepa, oti nkukwana pa mphasa zitatu, ndipo onsewo ndimawakumbukira nkhope zawo mpaka lero.

Kumudzi wakale kunali zii. Makoma a nyumba zotenthedwa anali atamera udzu, ndipo mango anawolera pansi popanda wotola. Sindinayang'ane kumene kunali nyumba yathu. Tinalowa m'nkhalango ya manda, ndipo manda a mayi ndinawazindikira ndi kapu yawo yachitsulo yoboola pansi imene tinaisiyapo. Adzukulu anali atakumba pambali pomwepo, mozama bwino, m'dothi lofiira louma. Katekisita anafupikitsa mapemphero chifukwa amilisiya ankangoti tifulumire. Tinatsitsa bokosi. Ndinaponya dothi langa nkuuza mayi kuti mwana wawo uja wabwera, ndipo pamenepo ndi pamene ndinalira zenizeni. Atatha kukwirira, adzukulu anayala zidutswa ziwiri za lamba pamwamba pa mtumbira nazitsendereza ndi miyala, kuti afisi asafukule.

Pobwerera tinadutsa pakati pa dambo paja. Sekeretaliyo anali atazemba kale kudzera njira ya kuseri kwa minda. Atsibweni anali pomwepo ndi amuna awiri, akumasula injini ndi sipanala, matope mpaka m'makutu. Tinawadutsa chapafupi. Sanadzutse mutu, ndipo sanafunse ngati tayika bwino.

Tinafika kunyumba kukuyamba kuda. Pakhomo anatiikira beseni la madzi a masamba, amene ochokera kumanda amasamba m'manja ndi kumapazi asanalowe m'nyumba. Tinasamba mmodzimmodzi. Anthu anali atabalalika, moto utazima, pansi pa mango patangotsala mafuwa ndi phulusa lonyowa. M'chisakasa munali mbee.

Tili chikhalire pakhonde, atsibweni anatulukira, amuna awiri aja atapika injini pa mtengo ngati nyama ya kuuzimba. Anaitula pabwalo. Atsibweni anayang'ana manja awo, nayang'ana beseni, nawerama kuti asambe. Alamu anaimirira osafulumira, nanyamula beseni, nakhuthulira madzi onse pansi.

"Awa ndi madzi a anthu ochokera kumanda," anatero.

Atsibweni anakhala chiweramire kanthawi, manja ali m'malere. Anayang'ana kwa ine kuti ndiwalankhulire, ine ndinayang'ana kumbali. Kenaka anawongoka, nakodola anthu awo, nasenzanso chitsulo chawo kulowera kumdima.

Tinalowa m'nyumba awiri, alamu ndi ine. Mphasa ija inali itapindidwa nkuimikidwa pakona, ndipo pakati pa nyumba panaoneka potakasuka kwambiri. Sitinayatse nyale. Patapita nthawi mvula inayamba kugwa pa denga la udzu, yeniyeni tsopano, ndipo ndinakhala ndikuimvetsera, podziwa kuti kutsidya kwa dambo ikugwera mayi ndi mwana wawo pamalo amodzi.