Mzere womaliza wa amalume

Ndinadzuka tambala asanalire, msana uli gwa chifukwa cha mphasa ya pasiwa. Amayi amene anachezera kuimba anali atagona chokhala, ndipo panja amuna ankasonkhezera zitsa. Chiperoni chinali chitaphimba phiri lonse. Linali tsiku loika amalume.

Amalume ankapeka nyimbo za kwaya ya mpingo wathu, koma cholembera sankachikhulupirira. Mzere uliwonse ankausungitsa kwa munthu, monga ena amasungitsira mbuzi. Ine, mwana wa mlongo wawo, ankandiphunzitsa kupeka tikukwera chitunda, dengu la manachesi lili pamutu panga, iwo ali chimanjamanja. "Nachisale," ankatero, "mzere umene sungaumalize ndi mpweya umodzi pachitunda, udule. Mawu ambiri ndi katundu."

Atadwala anapeka nyimbo ya maliro awo omwe, naigawa. Mzere woyamba anandipatsa ine, ina kwa anthu a kwaya, ndipo womaliza anati uli ndi mnzawo wa paubwana, msodzi wa ku Matope. Anatiletsa kuiphatikiza mpaka panjira ya kumanda.

Kutacha, utsi wa nkhuni zonyowa unadzaza pabwalo, ophika akupukuta misozi ya mitundu iwiri. A ku Nsambe anafika wapansi, matope mpaka m'akakolo. Lole yochokera ku Zalewa inafika mochedwa, ndipo ndinayang'ana otsika mmodzimmodzi. Msodzi uja munalibe. Mayi wina anandinong'oneza kuti ayufi anawatsitsa pamsewu chifukwa analibe khadi la chipani. Masiku amenewo nkhani zotere tinkangomeza.

Adzukulu anatumiza mawu kuti manda atha ndipo mvula ingawagumule. Sitikanadikira. Mtima unandiwawa kuti nyimbo ya munthu amene ankadana ndi ntchito yosamaliza ithera m'malere.

Bokosi litanyamulidwa, tinaloza chitunda chomwe chija. Ndinayamba ine: "Ndalima, ndatopa, dzuwa lapendeka." Mayi wa kwaya analandira: "Khasu ndasiya kuseri kwa chitseko." Bambo wina wa besi anatsatira: "Musandilire ngati wosochera."

Kenako kunangoti zii, kumveka mapazi okha m'matope. A kwaya onse anatembenukira kwa ine. M'mutu mwanga munadzaza mawu aatali a angelo ndi zipata zagolide, koma chitunda chinali chitandilanda mpweya. Wotsalawo unangokwana mawu awiri, ndipo ndinawaimba: "Njira ndikuidziwa."

Kwaya inawatola, khamu lonse linawatola, ndipo tinabwereza nyimboyo mpaka dothi lomaliza.

Madzulo anthu atabalalika, nyumba inatsala ndi fungo la utsi ndi mphasa zopindapinda. Ndikusesa pakhonde, msodzi uja anatulukira wapansi, mapazi atatupa. Anakhala pansi, napepesa, kenako anafunsa kuti nyimbo tinaimaliza bwanji. Ndinawaimbira motsitsa mawu, ndili ndi manyazi, ndipo ndinawapempha andiuze mzere weniweni.

Anapukusa mutu. "Kwa ine sanasiye mzere ayi, mwanangu. Anangoti, mukakafika pachitunda ukakhale chete, Nachisale akamaliza yekha."

Ndinalowa m'nyumba kukaika tsache. Kuseri kwa chitseko khasu la amalume linali pomwepo, dothi lisanachoke. Ndinakhala pansi pafupi nalo, ndipo m'pamene ndinalira tsiku limenelo.