Fungo la Agogo m'Chitenje

Ndikukumbukira nyengo yotentha imene Amayi anatimana mpweya chifukwa cha chitenje. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala m'chipinda chimodzi cha lendi ku Pretoria West, kuseri kwa malo owotcherera zitsulo.

Chitenjecho chinali cha Agogo, mayi awo a Amayi. Anamwalira ku Ntcheu ife tili ku Joni, ndipo Amayi sanapite kumaliro chifukwa mapepala awo anali asanatuluke. Chimene chinabwera pabasi ndi chitenje chokhacho, chonunkhira utsi wa nkhuni ndi fodya wam'mphuno. Amayi sankachichapa. Akaweruka ku Brooklyn, dera lina la mu Pretoria momwemo, kumene ankasita ndi kukolopa m'nyumba ya eni, ankayamba akwiriramo nkhope asanavule ndi nsapato zomwe.

Tsiku lina aphunzitsi anatiuza za Agiriki akale amene ankakangana kuti zinthu zinapangidwa ndi chiyani. Wina ati madzi, wina ati moto. Koma wina anati ukamadula chinthu osaleka, umafika pa kachidutswa kosadulikanso, kosaoneka ndi maso, kotchedwa atomu. Ngakhale fungo, anatero aphunzitsi, ndi tizidutswa tochoka pa chinthu n'kumauluka.

Ndinathamangira nazo kunyumba monyadira, n'kupeza Amayi ali ndi chitenje kumaso.

"Amayi, mukudziwa kuti fungolo ndi tizidutswa? Timachokamo pang'onopang'ono."

"Ndiye tidzatha?"

"Eya, tsiku lina."

Pakamwa panga m'pamene panandiphika. Amayi anapinda chitenje chija, kuchimanga m'majumbo, kuchiika m'ndowa ya chivundikiro, pamwamba n'kusanjikapo simbi. Zenera analiletsa. Pansi pa chitseko anatsekapo chisanza. Dzuwa la Disembala likawomba malata, tinkakhala ngati mbatata mumphika. Ndikangogwira zenera, ankakuwa kuti ndikufuna kuwathamangitsira mayi awo kwa owotcherera zitsulo.

Ndinkapsa mtima koopsa. Mwa zonse zimene ndinkabwera nazo kusukulu, Amayi sanamverepo n'chimodzi chomwe, koma ichi chokha ndiye anachigwira ndi manja awiri! Choipa kwambiri, analeka kununkhiza. Akaweruka ankangokhala pabedi n'kumayang'ana ndowa, nkhope ili gwa, kenaka n'kundikalipira pa zinthu zopanda pake. Chitenje chinalipo, koma Agogo anali atachoka m'nyumbamo.

Lamlungu lina titachokera kutchalitchi, thukuta lili kamukamu, ndinalephera kupirira.

"Eish, Amayi! Mukusungira ndani fungolo? Ndowa ilibe mphuno!"

Ndinayembekeza kumenyedwa khofi. Koma anandifunsa motsitsa mawu: "Iwe wodziwa zonse, tizidutswato ndikanunkhiza timapita kuti?"

Ndinaganiza kaye. "M'mphuno mwanu. Kenaka m'chifuwa."

"Mwa ineyo?"

"Mwa inuyo."

Anachotsa simbi, kumasula majumbo, n'kupuma m'chitenjemo mpaka mapewa kunjenjemera. Atatero anandipatsa ine. "Koka nawenso. Ngati n'kutha, athere mwa ife. Ndipo tsegula zeneralo, ufuna tife?"

Ngati kuti ndinatseka ndine!

Fungo lija linathadi ndisanamalize sekondale. Agiriki sananame. Chimene ndikuchimvetsa lero n'chakuti chinthu chokondedwa sichisungika m'ndowa: chimatha ndithu, ungosankha kumene chithere. Chitenjecho chili ndi ine tsopano, ndipo chimanunkhira sopo wochapira zovala ndi mafuta odzola a Amayi. Sindichichapa, ndipo zenera langa limakhala lotsegula.