Madzi Oyamba a Tiyi wa a Duan

A Duan anagwira ntchito yoponda tiyi zaka makumi atatu pafakitale ya kwathu ku Menghai. Ife amayi tinkaika masamba ofewetsedwa ndi nthunzi m'kathumba, iwo n'kusanjikapo mwala, n'kukwera pamwamba pake, n'kumagwedeza chiuno mpaka tiyi atasanduka chimbale. Tinkawaseka kuti m'tauni monse muno ndi iwo okha olembedwa ntchito yovina, chikhalirecho paukwati sanavinepo. Ine ndinkakulunga zimbalezo m'mapepala, ndipo amene ankakhala kudzanja langa lamanja anali Guilan, mkazi wawo.

Chaka chimene anapuma pantchito, a Duan anadzipondera zimbale zisanu ndi ziwiri za tiyi wa puer, amene amakoma akakhalitsa, n'kuzimanga m'makoko a nsungwi. Anati adzamasula pakadzatha zaka makumi awiri, tiyi atakhwima, kuwawa kutatha. Koma nyumba zathu za fakitale n'zopanikiza. Kukhitchini kuli utsi wa mafuta ndi tsabola, pakhonde pali chinyezi. Guilan atatopa ndi kupunthwa pamtolowo, anaulowetsa m'kabati yake ya zovala, pansi pa majuzi, pambali pa botolo la mankhwala ake opaka a nyamakazi. Ngakhale mwana wa kuno amadziwa kuti tiyi amayamwa fungo la chilichonse chimene wayandikana nacho. A Duan m'kabati ya mkazi sankapisamo dzanja. Akafunsa ankangouzidwa kuti zili bwino, iwo n'kukhutira.

Guilan anamwalira tiyiyo atakhala zaka khumi ndi zisanu. Mwana wawo wamkazi anabwera kuchokera ku Guangzhou, anagawa zovala zonse m'masiku awiri, anatsuka kabati ndi sopo, n'kubwerera kuntchito. Chimene chinatsala ndi mtolo uja.

A Feng, ogulitsa tiyi pamsika, anabwera kudzalawa. Anamwa pang'ono n'kukwinya nkhope.

"Achimwene, tiyi ameneyu munkamusunga kuchipatala?" anatero. "Masamba abwino chonchi! Komabe sanaferetu. Mumuyale pamthunzi popita mphepo miyezi isanu ndi umodzi, fungoli lichoka."

A Duan anagwira chimbale n'kuchinunkhiza nthawi yaitali. "Lichoka?" anafunsa.

"Lonse."

Tsiku lomwelo anagula mtsuko wadothi, anaikamo zimbale zonse, n'kumata chivundikiro ndi nsalu kuti mphepo isalowemo.

Kuyambira pamenepo ankamwa tiyiyo m'mawa uliwonse pawindo, kachidutswa kochepa ngati chikhadabo. Anzawo amene ankabwera kudzacheza anayamba kuzemba mmodzimmodzi, poti ndani angamwe mankhwala a mawondo tsiku ndi tsiku? Mwana ankaimba foni pachikondwerero cha chaka chatsopano. Ine ndinkawaona ndikamayanika zovala, ndipo zinkandipweteka mtima, nthawi zina n'kundipsetsanso mtima, chifukwa munthu wodziwa tiyi ngati ameneyu ankachita chinthu chimene palibe wa kuno amachita. Madzi oyamba timataya. Ndi otsukira fumbi ndi kudzutsa masamba. A Duan ankamwa.

"Mwasokonekera mutu kodi?" ndinawafunsa tsiku lina. "Amenewo n'ngotsukira. Mukadzamaliza mudzamwanso otsukira mbale?"

"Mayi Tao, pakamwa panu mpomwe sipanapume pantchito," anayankha akuseka. Kenaka anatsitsa mawu. "Mnzanu uja amakhala m'madzi oyambawa. Pofika achiwiri amakhala atapita kale."

Sindinawanenenso. Zaka zisanu ndi chimodzi zinadutsa, zimbale zikutha chimodzichimodzi, manja awo akuyamba kunjenjemera mpaka ketulo inkalira pakamwa pa tipoti.

Mwezi wathawu anandiitana m'mawa ali pakhonde. "Mayi Tao, tabwerani mudzandithirire. Manja akukana, ndipo ndikuopa kutaya."

Patebulo panali mtsuko wopanda kanthu ndi kachidutswa kamodzi pakapepala. Anali atakakutumulira ndi tizinyenyeswa ta pansi pa mtsuko. Sanachite kundiuza kuti n'kotsiriza.

Ndinachita mantha ndi chete wa m'nyumbamo, ndiye ndinayamba kulongolola, monga ndichitira ine. Ndinawauza za mkamwini wanga amene sadziwa kukhoma ngakhale msomali. Ndinatenthetsa tipoti, ndinaikamo masamba, ndinathira madzi owira, pakamwa pali pa mkamwini. Ndipo dzanja langa, limene lathira tiyi zaka makumi asanu, linachita zimene limadziwa. Linapendeka tipoti n'kutayira madzi oyamba pathireyi ya nsungwi.

Fungo linakwera ndi nthunzi. Anali Guilan weniweni, monga ankanunkhira akakhala pambali panga m'miyezi yozizira akudandaula mawondo. Madzi anadutsa m'mipata ya thireyi n'kutsikira m'ndowa ya pansi, momwe munali kale zotsukira za dzulo.

"A Duan," ndinatero.

Sanandiyang'ane. Anaika chikhatho pathireyi yonyowayo, ngakhale inali yotentha, n'kuchibweretsa kumphuno. Anakhala choncho mpaka dzanja litauma.

"Thirani achiwiri," anatero. "Asazizire."

Ndinathira. Anatuluka ofiirira bwino, osalala pakhosi, okoma ngati tiyi amene wakhwima zaka makumi awiri ndi chimodzi. A Feng akanamuyamikira. A Duan anamwa kapu yonse pang'onopang'ono n'kuyiika pansi.

"Ndi tiyi wabwino," anatero. "Tiyi basi."