Gemu imene achimwene ankawerenga okha

Mumsewu mwathu muli wometa tsitsi amene tonse timawatchula Achigamba. Dzinali silinachokere pa thalauza lawo, ngakhale thalauzalo lili ndi mbiri yakeyake. Linachokera kuseri kwa katani ya m'shopu mwawo, kumene kuli kompyuta yopuma mwawefuwefu ngati munthu wokwera phiri, ndi kanema wachimsana amene akazi awo anamuthamangitsa kunyumba.

Makasitomala akachepa, Achigamba amalowa kuseriko kukasamala magemu akale, aja tinkasewera tili ana, oyamba wauzira kaseti mpweya usanailowetse m'kamakina. Masiku ano makasetiwo anasanduka mafayilo a pakompyuta. Ndiye kunja kuno kuli anthu osalipidwa ndi aliyense amene amakhala pansi n'kumapangira magemu amenewa zigamba: china chosintha chilankhulo, china chokonza pamene gemu inkangouma yokha, china chowonjezera adani kwa anthu omwe mavuto a pamoyo sakuwakwanira. Akamaliza amaziika pa intaneti. Achigamba amatenga chigambacho, amachiphatika pa fayilo, gemu n'kudzuka ndi mtima watsopano m'thupi lakale.

Iwo amati ntchitoyi siifuna nzeru, imafuna kufatsa. Chigamba chilichonse anachidulira fayilo yakeyake. Ukachiika pa ina yongofanana nayo dzina, kanema amada bii, kapena munthu wa m'gemumo amatuluka mutu uli kumapazi. Izi amakufotokozera lezala lili pakhosi pako, ndiye sipanapezeke wotsutsa.

Achigamba ali ndi achimwene awo, ndipo nkhani yeniyeni ili pamenepo. Ali ana, bambo awo anabwera ndi kaseti yopanda chikuto kuchokera kumsika. Gemu yake inali yokongola, koma mawu onse anali m'zilembo zakutali, zooneka ngati nkhuku yapalasa pamchenga. Achimwenewo, omwe nthawi imeneyo anali atangoyamba kumera tindevu, analengeza kuti chilankhulocho amachidziwa, anawaphunzitsa dalaivala wina wa lole. Kuyambira tsiku limenelo ntchito inagawidwa: wamng'ono kugwira mabatani, wamkulu kumasulira.

Ndipo ankamasuliradi, osaphethira. Nkhalamba yoima pachipata inali mwini nyumba wodandaula kuti mbuzi ya mnyamata wa m'gemuyo yadya bulangete. Mayi wotsekeredwa pansanja anali azakhali a mnyamatayo amene anathawa mkonono wa amuna awo. Chinjoka cholavula moto chinali amuna awowo. Ana a mzere wonse ankadzaza pawindo kudzamva, ndipo nkhaniyo sinkasintha, ngati yolembedwa. Atakula, achimwenewo anakhala kondakitala wa basi, ntchito yowayenera, pakuti pakamwa pawo ndi pamene panali khasu lawo. Amati ankatha kukweza m'basi munthu amene anangobwera kudzaperekeza mnzake.

Kenaka sitiroko inawagwira, n'kutenga dzanja lamanja ndi lilime. Kuchipatala anati lilime lili ngati mwendo, likapanda kuyenda limafota, choncho azilankhulitsidwa tsiku ndi tsiku. Koma munthu amene moyo wonse ankaposa hutala pofuula sakanalola kuti anthu amumve akukwawa ndi mawu ngati khanda. Kunyumba ankangoti eya ndi ayi, nthawi zina osatero n'komwe. Akazi awo, popita kumsika m'mawa, anayamba kumawasiya pabenchi ya m'shopu mwa Achigamba, poganiza kuti pometera tsitsi ndi pamene miseche imatsegula ngakhale pakamwa pa mwala. Tinayesetsa ife odikira mzere. Tinanena za aliyense wa mumsewu muno, ena mpaka kawiri. Achimwene ankangoyang'ana tsitsi logwa pansi.

Tsiku lina masana kunalibe wometedwa, Achigamba anakankha katani n'kuyatsa gemu yakale ija, mmene inalili ndi zilembo zake za nkhuku. Nkhalamba ya pachipata itangooneka, pabenchi panamveka mawu olemera, otuluka ngati akukokedwa m'chitsime:

"Mbuzi... yadya."

Achigamba sanatembenuke. Anandiuza pambuyo pake kuti ankaopa kuti akayang'ana, mawuwo athawa ngati mbalame. Anangodina batani kupita kwa munthu wotsatira. Masiku otsatirawo mawu ankawonjezeka. Azakhali a pansanja anabwerera, mkonono nawo unabwerera, mpaka kasitomala wina anatsala wometedwa mbali imodzi chifukwa wometayo anaitanidwa kuti adzadine batani.

Apa ndi pamene Achigamba analakwitsa, ndipo analakwitsa mwaluso. Anapeza kuti anthu a pa intaneti aja amaliza chigamba chomasulira gemu imeneyi m'Chingerezi, ntchito imene inawatengera zaka. Munthu wa zigamba akaona chigamba, manja amamuyabwa. Anaganiza kuti ndi mphatso, kuti achimwene akaona mawu owerengeka aziwawerenga mokweza, lilime liziyenda kwambiri. Anachita zonse mwadongosolo. Anatsimikiza kuti fayilo ndi yoyenera, anasunga pambali ina yosakhudzidwa, anaphatika. Chinagwira bwinobwino. Anaitana ngakhale wosoka nsapato wa khomo loyandikana kuti adzaone.

Nkhalamba ija inaonekera pachipata, n'kulankhula Chingerezi chomveka. Sinali mwini nyumba. Inali nduna ya mfumu, ikulira kuti akasupe a dzikolo aphwa. Mayi wa pansanja anali wansembe woyang'anira madzi. Chinjoka sichinali mwamuna wa munthu aliyense.

Wosoka nsapato, munthu wabwino koma woseka asanaganize, anamenya ntchafu n'kufunsa kuti nanga mbuzi ija yalowera kuti.

Achimwene Chingerezi amawerenga. Tinawaona milomo ikutsatira mzere uliwonse pang'onopang'ono mpaka kumapeto. Kenaka anatembenuzira nkhope kukhoma. Akazi awo atabwera madzulo, achimwene anali atakonzeka kale, ndodo ili m'manja.

Musaganize kuti Achigamba anadabwa kuti kumasulira kuja kunali kopeka. Anadziwa kalekale, ndipo achimwenewo ankadziwa kuti mng'ono wawo akudziwa. Tonse tinkadziwa. Koma bodza lapachibale limakhala ndi moyo wautali ngati palibe mboni, ndipo Achigamba anabweretsa mboni yolankhula Chingerezi, pamaso pa anthu, kwa munthu amene kumasulirako kunali chinthu chokhacho chomwe ankathabe kuchita bwino.

M'mawa mwake anabwezera fayilo yosakhudzidwa ija. Zilembo za nkhuku zinabwerera zonse. Achimwene anaziyang'ana ngati munthu woyang'ana basi imene si yake. Fayilo umatha kuisunga pambali, koma munthu akaona waona. Ngakhale eya ndi ayi wa kunyumba uja anayamba kusowa. Akazi a achimwenewo sanakalipe, ndipo zimenezo ndi zimene zinapweteka. Anangoima pakhomo la shopu, dengu lili pamutu, n'kunena motsitsa:

"Alamu, munthu wotsimphina mwamulanda ndodo kuti mumuonetse kuti ndi yokhota. Yowongokayo ili kuti?"

Masabata amenewo tinametedwa mwakachetechete, ndipo ndinene zoona, tinaisowa miyambo ya mafayilo ija. Achigamba ankangoti akamaliza mutu, alowe kuseri. Akazi a Achigambawo anayamba kufufuza kwa ife ngati pakompyutapo pali mkazi. Panalibe. Achigamba ankalemberana ndi anthu opanga zigamba aja, m'Chingerezi chawo cha kusekondale, kufunsa mmene munthu amafikira pamene mawu a gemu amakhala. Wina, sakudziwa ngati ndi bambo kapena mayi, kaya wa dziko liti, anawayankha mofatsa, mobwerezabwereza, osafunsa chifukwa chake munthu angafune kuchita chinthu chopanda nzeru choterocho. Pakuti chimene Achigamba ankafuna ndi kufufuta. Chigamba chawo choyamba kupanga okha chinali chochotsa mawu onse, a nkhuku ndi a Chingerezi omwe, n'kusiya timabokosi topanda kanthu pansi pa munthu aliyense. Poyamba gemu inkada bii. Kenaka inkayaka koma nkhalamba ikuyenda chafutambuyo. Potsiriza inagwira.

Sanaitane aliyense ulendo uno. Ine ndinangopezekapo chifukwa ndinali nditakulungidwa kale nsalu pakhosi, ndipo wosoka nsapato anauzidwa kuti akangosuzumira, azidzimeta yekha mpaka imfa. Achigamba anayendetsa mnyamata wa m'gemu kudutsa chipata ndi nsanja osaima, mpaka kumudzi wina wa kuseri kwa mapiri kumene ali ana sanafikeko. Pamenepo panakhala bambo wonenepa wovala chipewa, pafupi ndi moto. Anadina batani. Kabokosi kanatseguka, koyera.

"Achimwene, apa mawu kulibe. Akuti chiyani bamboyu? Ndilemba zimene munene."

Kompyuta inkapuma wefuwefu wake. Panja wina ankatsatsa matsache. Ine khosi linkayabwa ndi tsitsi koma sindinayerekeze kukanda. Achimwene anayang'ana kabokosiko, anayang'ana bambo wa chipewa, kenaka mng'ono wawo. Nsagwada zinagwira ntchito kaye mawu asanabwere.

"Akuti... wometa uja... ndi wopusa."

Achigamba analemba ndi chala chimodzi, chilembo ndi chilembo, n'kuyatsanso gemu. Bambo wa chipewa uja ananena zomwezo pakanema, m'Chichewa, popanda womutsutsa. Achimwene anawerenga milomo ikuyenda, ndipo mbali ya nkhope imene imamverabe inagwedezeka pang'ono.

Achigamba anafotokoza kuti kabokosi kalikonse kali ndi malire ake, mawu ambiri sakwanamo, koma apa malo atsalako pang'ono ngati pali chowonjezera. Ine ndinadikira mawu okoma, a chikhululukiro, oti ndikawafotokoze kumsewu misozi ili m'maso. Achimwene anaganiza mozama, ngati munthu wosankha mbewu.

"Lemba... kwambiri."

Analemba, ndipo anakwana ndendende. Kenaka achimwene anakweza dzanja lawo labwino n'kuloza mayi wina wonyamula nkhuni kumapeto kwa mudziwo, kuti mnyamata apite kumeneko. Anali atayamba kale kutafuna mawu a mayiyo, ndipo Achigamba anaika chala pabatani n'kudikira.