Mabotolo a pansi pa bedi

Asakunamizeni, ine sindinachoke ku Zakazaka chifukwa cha njala ayi. Ntchito yocheka matabwa kuphiri itatha, ndinati mwamuna ngati ine sangakhale pakhonde kumaonerera maminibasi. Ndinauza mkazi wanga Nasibeko kuti ndikupita ku Joni. Anangoti, "Pitani bambo, koma kumeneko musamakakalipire anthu ngati kuno."

Ku Joni ndinkalondera pageti pa fakitale. Kuzizira kwake kolowa m'mafupa, ndipo sabata imatha osamva munthu akukutchula dzina. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, palibe angandiloze chala. Poti kulemba kumandichedwetsa, ndinkangojambula mawu pafoni. Kenaka anayamba kumandiyankha ndi mlamu wanga Esinati. "Achemwali akudandaulako m'mimba, koma akupeza bwino." Kwathu munthu wakutali samuuza zoona, ati angagwe pamsewu.

Tsiku lina ananditumizira chithunzi cha kutchalitchi. Ndinaona timikono ta Nasibeko. Ndinakwera basi.

Ndinamupeza mimba itatupa ngati wapakati, maso achikasu. Pansi pa bedi, mabotolo okhaokha! Mizu yonyika, makungwa owiritsa, masamba ena atachita chuku ndi chinyezi cha Zomba chino. Botolo lililonse linali ndi mwini wake: ili amalume ake, ili amayi a kumpingo, ili a Matiki oyandikana nafe.

"Zonsezi mumamwa?" ndinakuwa.

"Tsitsani mawu bambo, anthu akumva. Munthu wakwera phiri kukakukumbira muzu, iwe ukane? Anena kuti ukumuganizira ufiti."

Ndinamutengera kuchipatala. Adokotala anati ndi khansa ya chiwindi, yafalikira kale. Ndinawafunsa ngati ndi mabotolo aja. Anati sangalumbire kuti ndiwo anayambitsa, koma chiwindi ndicho chimasefa chilichonse chimene munthu wamwa, ndipo mitengo ina ndi chuku zimachipweteka. Anatinso miyezi imene Nasibeko ankamwa mabotolowo ndi imene akanabwera kuchipatala.

Nditafika kunyumba ndinataya zonse kudzala, masana, aliyense akuona. Amalume ake anasiya kundipatsa moni. Ena anati ku Joni kwandipatsa matama. Nasibeko, mawu osatuluka bwino, ankandipempha kuti ndikawapepese. Anamwalira mvula isanagwe.

Chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti anthu omwewo ndi amene anakumba manda, kuimba mpaka mawu kusasa, kulira misozi yeniyeni. Ndinafufuza woti ndimude, sindinamupeze. Ku Joni munthu umafa poti palibe akukuona. Kuno mkazi wanga ankaopa kukhumudwitsa omukonda kuposa kuopa imfa.

Sabata yatha ndinangodandaulako m'nthiti ndili pakhonde. A Matiki anabwera ndi botolo, matope a kuphiri akadali kumapazi. Ndinalandira ndi manja awiri, n'kuthokoza. Lili pawindo. M'mawa uliwonse amaima pampanda n'kufunsa, "Achimwene, mwayamba kumwa?"