Tsiku limene ndinabisala m'nyanja ku Brazil

Ntchito yanga yoyamba yolembedwa ndinaipeza kwa munthu wokonza mafoni. Ine ndine Lameki, wa ku Bowe m'boma la Dowa, ndipo mpaka pamene ndinakwatira ntchito imene ndinkaidziwa inali ya fodya wa bambo anga basi: kufesa nazale, kuwokera, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha. Tsiku lina ndinapita ku msika wa ku Dzaleka kukakonzetsa foni. Mwini benchi yokonzerapo mafoni, a Kamtedza, Mmalawi mnzathu wa cha ku Mponela, anayang'ana manja anga akuda ndi utomoni wa fodya n'kundifunsa ngati ndimatha kusankha magiredi. Nditavomera anatsitsa mawu. "Ku Brazil akufuna anthu ngati iweyo. Kumeneko fodya amalima makampani, osati zoseweretsa zanu za m'mapirizi."

Ndinavomera pomwepo. Bambo anagulitsa ngolo ndi ng'ombe zake zomwe, a Kamtedza anayendetsa mapepala onse, ndipo mu Okutobala ndinatsanzikana ndi mkazi wanga Esinati, ali ndi pakati pa miyezi inayi. Ndinamulonjeza kuti mwana asanayambe kukwawa ndidzakhala nditabwera ndi malata.

Nditakwera ndege zitatu ndinatsikira mu mzinda wa m'mbali mwa nyanja yamchere. Fodya? Ngakhale tsamba limodzi sindinalione. Anandilandira mayi wina wamfupi, wa mawu ngati wailesi, dzina lake Selma, amene aliyense ankamutchula kuti adona. Anali ndi malo ogulitsira zakumwa ndi kubwereketsa mipando pagombe. Anabwera ndi wantchito wawo, bambo wa dazi, amene anandidzidzimutsa pondipatsa moni m'Chichewa. Anali a Fernando, a ku Angonia ku Mozambique, ndipo anali atagwira ntchito pamenepo zaka zisanu ndi zinayi.

"Akuti za fodya zidzabwera nyengo yake ikakwana, panopa uyambe wathandiza kuno," anatero a Fernando pomasulira Chipwitikizi cha adona. "Akutinso ubweretse pasipoti akusungire, kuno zinthu zimanyowa."

Ndinaipereka ndi manja awiri, ndikuthokozanso. Uchitsiru wanga umenewo, abale.

Tinkagona m'chipinda chosungira mipando, kuseri kwa shopu. Ntchito inkayamba dzuwa lisanatuluke. Choyamba tinkasesa mchenga ndi leki kuchotsa zitsekerero za mabotolo, ndudu ndi ndere zimene nyanja yalavula. Kenako tinkakoka mipando yopinda pa ngolo ya matayala onenepa, chifukwa wilibala wamba amatitimira. Ambulera iliyonse imafuna dzenje lake, ndipo dzenjelo sitinkakumba ndi khasu. Tinali ndi paipi ya pulasitiki yotalika ngati mkono: umaizika mumchenga uku ukuipotoza, n'kuizula ili yodzaza, n'kukhuthula, mpaka kanayi. Ukaimika mtengo wa ambulera umathira madzi m'dzenjemo ndi kupondaponda kuti mchenga ugwire, ndipo ambulerayo uipendeketsere kumene kukuchokera mphepo. Ukaiimika chilili mphepo imalowa pansi n'kuizula, ndiye imagudubuzika pagombe nsonga ili patsogolo, alendo akukuwa.

Alendo akafika ntchito inkasanduka yothamanga. Kokonati wamuwisi amatuluka mu kulabokosi ya ayezi, umamugwira kumanzere n'kumutema katatu ndi chikwanje pamwamba kuti kachivindikiro kadumphe, n'kuikamo kapaipi komwera. Tchizi chotunga pa kamtengo tinkachiwotcha pa kambaula konyamula m'manja. Masana mchenga unkatentha ngati chiwaya, ndipo ine ndinkayenda nditavala malaya achikasu a shopu, thireyi ili m'manja, pakati pa anthu ovala zinthu zoti kwathu munthu akavala amutengera kuchipatala. Masiku oyamba ndinkapereka zakumwa nditayang'ana kumbali, mpaka ndinathira mowa pamimba pa bambo wina.

Cholakwa chachikulu ndinachita sabata yoyamba. A Fernando anapita kukagula ayezi, ine ndinaona mchenga wolimba bwino, wosalala, pafupi ndi madzi. Ndinati apa ndiye pabwino, ndipo ndinayala mipando yonse m'mizere yowongoka ngati ya m'munda wa achikumbe. Ine mwana wa m'mapiri ndikanadziwa bwanji kuti nyanja imayenda? Mtsinje umadzaza mvula ikagwa, koma iyi inkakwera kumwamba kuli ngwee. Pomwe a Fernando ankabwera n'kuti mipando ikuyandama. Adona anandikalipira mpaka mawu anasasa, kenako anandikokera pa chitseko cha firiji pamene panamatidwa pepala la manambala.

"Akuti ili ndiye Baibulo lako," anatero a Fernando. Pepalalo limanena nthawi imene nyanja iphwe ndi imene idzaze. Imakwera kawiri pa tsiku, ndipo mawa lake imachedwerako pafupifupi ola limodzi. Ndinaliloweza kuposa katekisimu.

Za fodya sizinatchulidwenso. Mu Disembala, alendo atachuluka, ndinapempha pasipoti yanga. Adona anati Chaka Chatsopano chikadutsa. Chitadutsa anati chikondwerero cha kanivo chikatha. Ndinkaimbira Esinati pa foni ya a Fernando, iye akundiuza kuti mvula yagwa bwino, chimanga chafika m'chiuno, bambo akupalira okha, miyendo yake yatupa. Ine ndinkangoti zonse zili bwino. Ndikanati chiyani? Kutsogolo kwanga kunali madzi opanda tsidya, kumbuyo mzinda umene sindinkamva chiyankhulo chake, ndipo m'thumba munalibe kapepala ngakhale kamodzi konena kuti ndine ndani. Ndinali womangidwa popanda chingwe, ndipo ndinkalira ndikamatsuka mipando kuti anthu aziyesa ndi madzi a mchere.

Panali lamulo limodzi limene adona ankalibwereza sabata iliyonse. Anthu a boma oyendera malo a ntchito akatulukira, ife awiri tivule malaya achikasu, tilowe m'nyanja, tisakanikirane ndi alendo osambira. "Akakugwira wopanda mapepala akakutsekera, ndipo kwanu sudzakuonanso," ankamasulira a Fernando nkhope ili gwa. Iwo anali atabisalamo kambirimbiri. Ine sindinauze munthu kuti madzi akuya amene ndinalowamo chibadwire anali a m'dambo la kwathu, ofika m'mawondo.

Tsiku lake linafika mu Febuluwale, Loweruka, gombe litadzaza. Pepala la pafiriji linati nyanja iphwa cha m'ma eyiti m'mawa, idzaza cha m'ma thu koloko masana. Itangodutsa teni koloko ndikutema kokonati, adona anaimba mluzu ndi zala. Kumtunda kunaima galimoto yoyera, ndipo munatsika mayi wa chipewa atanyamula fayilo, abambo awiri, ndi apolisi awiri. Ndinaponya chikwanje, kuvula malaya, n'kuthamangira a Fernando.

Pagombe limenelo nyanja ikaphwa pamaoneka chitunda cha mchenga chapatali ndithu, ndipo pakati pa chitundacho ndi gombe pamakhala ngalande. Tinawoloka ngalandeyo madzi ali m'chiuno. Pachitunda anali m'mawondo, ndipo panali alendo ambiri akuponyerana mpira ndi kujambulana. Tinanjuta pakati pawo kuti kumtunda azingoona mitu.

Anthu a boma aja sanafulumire. Anayamba ndi shopu yoyandikana nafe, kenako anakhala pansi pa ambulera zathu, zimene ndinazika ndekha, n'kutsegula mafayilo. Madzi anafika m'ntchafu, ndinaimirira. Anafika m'chiuno. Opulumutsa anthu omira anayamba kuimba wenzulo, ndipo alendo anayamba kubwerera kumtunda, akusambira pangalande paja akuseka. Ndinaona bambo wamtali kuposa ine akulowa m'ngalandemo, madzi n'kumufika m'khosi.

"A Fernando, madzi akukwera."

"Pirira mphwanga, amenewa sachedwa."

"Sindidziwa kusambira."

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Iwe! Ukunena lero?"

Chimene chinandipweteka n'chakuti ndinkalidziwa pepala lija. Ndinkadziwa kuti kwatsala maola awiri nyanja ikukwerabe, ndipo palibe pemphero limene likanaiimitsa. Madzi anafika pachifuwa. Funde lililonse linkandinyamula, mapazi n'kusiya mchenga, kenako n'kunditula pambali. Mchere unkaluma m'maso ndi m'mphuno. Pachitunda tinatsala awiri okha.

"Gwira phewa langa, tisunthire uko kuli anyamata a matabwa," anatero a Fernando, akuloza kutali kumene anyamata ankakwera mafunde ataima pa matabwa. "Ndikugwira ine. Ukatuluka akumanga. Ndiye Esinati wakoyo udzamuona liti?"

Anatchula dzina limenelo kuti ndikhale, koma ndi limene linanditulutsa. Ndinaganiza kuti wa m'ndende amalemba kalata, koma womira m'nyanja ya eni, wopanda pepala lililonse, mkazi wake amangodikira mpaka kukalamba. Ndinakweza manja onse awiri n'kukuwa m'Chichewa chenicheni, "Mayo! Ndikufa ine!" A Fernando anandisiya n'kusambira kulowera kwakuya.

Ndinaponya phazi limodzi kulowera kumtunda, pansi panalibe. Ndinamwa madzi osawerengeka. Chimene ndikukumbukira ndi dzanja likundikoka m'khwapa, ndi thabwa lofiira la wopulumutsa anthu likundigunda pachibwano. Ananditula pamchenga ndikusanza, anthu atandizungulira ndi mafoni, ndipo nditadzutsa mutu ndinaona nsapato za mayi wa chipewa uja.

Adona anafika akuyankhula mofulumira, akugwedeza manja. Sindinamve zonse, koma ndinamva ndithu kuti akuti sakundidziwa. Mayi wa boma anagwira dzanja langa n'kulitembenuza, kuona mabala a chikwanje ndi zikang'a za paipi, kenako anayang'ana khosi langa pamene malaya a shopu anasiya mzere wa dzuwa. Anandifunsa za pasipoti, ndipo mwamwayi mawu amenewo ndi ofanana ndi athu. Ndinatambasula manja kuti andimange, kenako ndinaloza adona.

Palibe amene anandimanga. Wapolisi wina anandifunditsa thawulo n'kundipatsa madzi akumwa. Amene anazunguliridwa anali adona. Anakana, anakalipa, analira, koma mapeto ake anatulutsa chitini cha mabisiketi pansi pa kauntala. Munali mapasipoti anayi. Awiri anali a anthu amene sindinawaonepo. Imodzi inali yanga. Yotsalayo inali itatha ntchito kalekale, ndipo pachithunzi panali mnyamata wa tsitsi lodzaza mutu, masaya onona. Ndinachita kuwerenga dzina kuti ndikhulupirire kuti ndi a Fernando.

Mayi uja anatenga chimkuzamawu cha opulumutsa anthu n'kuitana dzinalo katatu. Inenso ndinaimirira m'mphepete mwa madzi n'kukuwa kuti, "A Fernando, tulukani! Sakumanga! Pasipoti yanu iyi!" Mutu wa dazi unkaoneka n'kubisika pakati pa mafunde. Anandimva, chifukwa anakweza dzanja n'kuligwedeza kuti ndichoke. Kenako anasambira chammbali kulowera kumiyala, mpaka sitinawaonenso.

Ine ananditengera ku nyumba yosungirako anthu ovutika, kumene ndinakhala masabata angapo akundifunsa mafunso kudzera mwa womasulira wa Chingelezi. Tsiku limene anandiperekeza kukatenga chikwama changa ndinapeza shopu ya adona yotseka, koma chapatali, pa shopu ina, ndinaona a Fernando atawerama ndi paipi, atavala malaya obiriwira. Ataona galimoto ya boma anayamba kumasula mabatani. Sindinawaitanenso.

Ndinafika ku Bowe fodya ali m'zigafa, ndilibe malata, ndilibe kanthu. Mwana anali atabadwa, wamkazi. Benchi ya a Kamtedza ndinakaipeza pali munthu wogulitsa tomato. Bambo sanandinene ngakhale liwu limodzi, ndipo mpaka lero ndikawaona akusenza thumba la chimanga pamutu, pamene kale ankakweza pangolo, ndimathamanga kukawalandira.

Anyamata a kuno ndi a ku Ntchisi amabwera kudzandifunsa za ntchito za kunja, poti ndine ndinakwerapo ndege. Sindiwaletsa, njala ya kuno ndikuidziwa. Ntchito ya pagombe payokha si yoipa, ndipo ndikanakhala ndi mapepala anga m'thumba mwina ndikanaikonda. Ndimawauza kuti pasipoti asapereke kwa munthu, ngakhale atamwetulira bwanji. Ndimawauzanso za a Fernando, munthu wabwino amene anandiphunzitsa ntchito yonse, amene anakhulupirira mawu a adona zaka zisanu ndi zinayi mpaka anathawa pasipoti yake yomwe. Bwana akadzakuuza kuti ubisale anthu a boma akabwera, udziwe kuti amene ali ndi mlandu ndi iyeyo, ndipo akubisala kumbuyo kwako.